Dzanja la Ababa Silinafike Pamphumi

Kumudzi, Giresun
14 Meyi 2017

Achimwene Saffet,

Moni wa kuno kwathu. Ndikhulupirira muli bwino ku Istanbul kwanuko, poti mukanadwala tikanamva. Anthu a m'tauni mumakumbuka kwanu mutu ukawawa basi. Kalatayi ndapatsira msuweni wathu Hayri, woyendetsa basi uja, pamodzi ndi kathumba ka mtedza ndi botolo la uchi. Musandifunse chifukwa chake sindiimba foni. Nyumba ino mukuidziwa: ndikangoti "halo", makutu a ababa ali kale pakhomo, ndipo inu mukangomva kutsokomola kwawo mumadula.

Ababa sali bwino kwenikweni. Chifuwa chija chakana kuchoka chiyambire nyengo yozizira. Babashopu amatsegulabe m'mawa, koma ikakwana swala ya masana amatseka, ati makasitomala atha. Bodza lenileni. Dzulo ndapeza amuna atatu akudikira pabenchi, iwo atakhala pampando wometerapo anthu, akupuma ngati akwera phiri.

Tsiku lina a Zekeriya ogulitsa tiyi anawafunsa kuti, "A Rasim, mukadzaika sizasi pansi, malo ano adzatenga ndani?" Ababa anayankha kuti, "Mwana wamwamuna ndili naye, koma mutu wake ndinaugwira komaliza ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi." Atatero anatuluka kukasuta. Munthu wa chifuwa chotere!

Zaka zisanu ndi zinayi zakwana chichokereni kuno, achimwene. Amayi akanakhala ndi moyo akanakukokani khutu kuchokera komweko. Bwerani pa Idi ya Ramadhani, mudzapsompsone dzanja la bambo anu monga achitira ana a anthu. Chibale ndi fupa, sichiola.

Mlongo wanu,
Nermin

*

Istanbul
2 Juni 2017

Nermin mlongo wanga,

Moni. Mtedza wafika, koma Hayri anakhometsa msonkho panjira, thumba linali pakati. Uchi sanaukhudze, mwina chifukwa unamanga kwambiri chivindikiro.

Ine ndili bwino. Ntchito ndi yomwe ija: kutenga alendo a dazi ku bwalo la ndege, kuwasiya ku chipatala chowokera tsitsi, kenako kuwabweza mitu itamangidwa mabandeji. Pobwera amakhala chete, zipewa zitafika m'maso. Pobwerera onse ndi abale, Mngelezi ndi Mwarabu kujambulana nkhongo. Sabata yatha wina anandiyang'ana pamutu nati, "Dalaivala, iwe ukugulitsa madzi uli ndi ludzu?" Ndinaseka, poti ndi mlendo wa abwana.

Ukuti ndibwere. Iwe tsiku lija unali kusukulu, unangomva za m'maluwa. Linali tsiku lokapempha Gulizar kwa makolo ake. Ababa anandikhazika pampando kuti andimete ndevu, babashopu itadzaza, amalume ake a mtsikanayo ali pomwepo. Anandimenya kambama pa dazi nati, "Onani mwana wa wometa! Kalilole wanga akasweka ndizidziyang'anira pamenepa." Anthu anaseka mpaka kutaya tiyi. Madzulo ake, tikulowa kwa eni mbeta, ana a pakhomo ankanong'onezana kuti, "Kalilole wafika." Kuti anatikana, zimenezo ndinaiwala, Gulizar ali ndi ana atatu tsopano. Koma ababa sananenepo ngakhale kamodzi kuti analakwitsa. Iwo tsitsi lawo lili gwa ngati la kavalo, dazili ndinatengera kwa amalume. Kodi ndinachita kupempha?

Pa Idi ino sindibwera. Usakwiye. Ndili ndi kanthu kena kamene ndikukonza, ndipo chaka chamawa maluwa akamatuluka ndibwera ndekha osaitanidwa. Chifuwacho uwatengere kuchipatala cha m'tauni, usamvere zoti amwa tiyi wa masamba.

Mchimwene wako,
Saffet

*

Kumudzi
20 Juni 2017

Achimwene,

Moni mwachidule, Hayri walizitsa kale injini. Dzulo ndakuimbirani kasanu, foni yozima tsiku lonse. Ababa anakomoka ali mkati mometa munthu, ndevu atachotsa mbali imodzi. Atsitsimuka, ali kunyumba, akukalipira aliyense. Mawu oyamba atatsegula maso anali akuti, "Saffet mwamuuza?" Kenako anati sananene zimenezo.

Idi ndi Lamulungu. Mukapanda kubwera, musadzandilemberenso.

Nermin

*

Kumudzi
28 Juni 2017

Achimwene Saffet,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anandilera bwino, koma mtima wanga uli ndi bala.

Munabwerera chiyani? Kuli bwino mukanakhala komweko. Munatsika basi m'mawa wa Idi mutavala chipewa chachikulu ngati msodzi, m'munsi mwa maso muli chikasu ngati mwamenyedwa ku bala. Ku mzikiti munakana kupita. Ababa anapita okha atagwira ndodo, anthu n'kumawafunsa kuti, "Paja timamva kuti mwana wabwera?" M'nyumba simunavule chipewa. Nsapato munavula khosi lili njo, osawerama ngakhale pang'ono, ngati nduna.

Zonsezo ndikanapirira. Koma pabalaza, a Zekeriya alipo, aneba alipo, ababa anakutambasulirani dzanja. Munalipsompsona, inde. Ngakhale mwana wa zaka zitatu amadziwa kuti ukapsompsona dzanja la wamkulu umaliika pamphumi. Iwo analikweza okha kuti likufikeni, inu n'kubwerera m'mbuyo ngati muli moto, mpaka kuwagwira pamkono n'kulitsitsa. Ababa anayang'ana chikhatho chawo nati, "Lada, eti? Ndinasamba ndithu." Inu munangotembenuka n'kutuluka, masana omwewo mwakwera basi.

Chichokereni inu ababa sakuyankhula. Tsiku lonselo anangokhala maso ali kuchitseko chimene munatulukira. Zotsekemera zomwe ndinaphika usiku wonse ndagawira ana a eni.

Nthabwala imodzi, achimwene, zaka zisanu ndi zinayi, ndiye mudzabweze pa tsiku la Idi kwa munthu wodwala? Ndakhala ndikukuikirani kumbuyo nthawi yonseyi. Lero ndachita manyazi.

Nermin

*

Istanbul
6 Julayi 2017

Nermin,

Moni, ngati ungaulandire. Usanawerenge zambiri, tenga buledi m'manja ulumbire kuti ababa suwauza. Ndikudziwa kuti ukalumbira pa buledi sutembenuka.

Ndawokeretsa tsitsi. Seka ngati ukufuna.

Mwezi wa Ramadhani alendo amachepa, ndiye adokotala anati mpando uli wopanda munthu, ndikhalepo ineyo. Tsiku lomwe ababa anakomoka ine ndinali chigonere maola asanu ndi atatu, akuzula timizu ta tsitsi kunkhongo kwanga kamodzikamodzi n'kumatiwokera kutsogolo. Timizu zikwi zitatu ndi mazana awiri. N'chifukwa chake foni inali yozima. Kalata yako inandipeza nkhope itatupa, maso ngati a chule.

Namwino wamkulu, mayi Sevim, atamva kuti ndikupita kumudzi anandilozera chala. "Iwe Saffet, alendo umawauza chiyani tsiku lililonse? Masiku khumi osawerama, osagunditsa mphumi pansi poswali, osakhudza. Kamuzu kakazuka kazuka, sikabwerera. Ndipo kunkhongo kwako mbande zatha, palibe kachiwiri. Dzanja la munthu lisayandikire pamenepo, ngakhale la bambo ako okubala." Ndinati ndamva, mayi. M'basi monse ndinkaganiza za dzuwa, za chipewa, za khomo lathu lalifupi lija kuti ndisagunde mutu. Za dzanja la pa Idi sindinaganizeko. Ine, mwana wa m'mudzimo! Nditaliona likukwera, thupi linathawa lokha ine ndisanaganize. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi, Nermin. Anangotsala masiku anayi.

Ukuti bwanji sindinanene pomwepo? Pamaso pa a Zekeriya? Ndivule chipewa aone mutu wa nkhanambo zokhazokha? Pofika madzulo mudzi wonse ukanati Kalilole wabzala udzu.

Sindinachite izi chifukwa cha mkazi, kapena chifukwa cha alendo. Mawu aja unandilembera, oti mutu wanga anaugwira komaliza ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, anandikhala pamtima. Ababa sadziwa kupepesa, inenso sindidziwa, tinabadwa choncho. Koma ndikalowa mu babashopu ndili ndi tsitsi, n'kukhala pampando n'kunena kuti, "Ababa, chepetsani m'mbalimu," nkhani yonse yatha popanda wina kugwada. Ndi njira yokhayo imene ndinaipeza.

Undikhululukire. Uwasamale mpaka ndibwere.

Saffet

*

Kumudzi
19 Julayi 2017

Achimwene anga opusa,

Moni wa mtima wonse. Kalata yanu ndawerengera kumunda wa mtedza, ndinaseka mpaka kukhala pansi, kenako ndinalira. Buledi ndagwira, ndalumbira, ngakhale munandichenjerera pondilumbiritsa ndisanadziwe nkhani.

Komabe mverani mwana wamkazi kamodzi. Tsitsi lidzamera nthawi yake, koma munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri si mtengo woti mudzaupeza pomwepo. Lembani mizere iwiri yokha: "Ababa, dzanja lanu sindinalikane." Ndikawawerengera ndine. Zengerezu adalinda kwawukwawu, achimwene.

Ababa ayambanso kuyankhula. Chodabwitsa, sakukutchulani moipa. Akumatsegula babashopu masiku awiri pa sabata. Lachinayi kunabwera mkamwini wa aphunzitsi, wa ku Jeremani uja, ndipo anamusunga pampando ola lathunthu akucheza naye motsitsa mawu. Nditalowa ndi chakudya onse anangoti chete. Sindikudziwa kuti amuna mumabisa chiyani.

Kuchipatala cha m'tauni tinapita. Anawajambula pachifuwa, ati tikamve mwezi wamawa. Mundiuze mmene mbewu zanu zikukulira.

Nermin

*

Istanbul
22 Ogasiti 2017

Nermin,

Moni. Mwayamba kukolola? Chaka chino ndikanakuthandiza, koma dzuwa andiletsa.

Tsitsi lathothoka lonse. Nkhanambo zitachoka ndinali ndi timatsitsi tatifupi, mzere wowongoka bwino pamphumi, ndinkadziyang'ana pa kalilole wa galimoto mpaka a m'mbuyo kuliza mahutala. Sabata yachitatu ndinayamba kutipeza pa pilo. Lero palibe kanthu, khungu lofiira ndi tiziphuphu basi. Ndikuoneka moipa kuposa kale.

Ndikudziwa, ndimauza alendo ndekha: tsitsi lowokera limayamba lagwa, muzu umatsala m'kati, umagona miyezi itatu kenako n'kudzuka. Mayi Sevim akuti, "Ukufuna kukumba uone ngati mbewu yamera? Choka apa, kayendetse galimoto." Koma kuuza mnzako n'kosavuta. Ukakhala iwe mwini, m'mawa uliwonse umaganiza kuti ndiwe mmodzi uja amene sizinamuyendere.

Mizere iwiri ija ndayesa kulemba kanayi, ndang'amba. Ndikalemba kuti sindinakane dzanja, afunsa kuti nanga chinali chiyani. Idi ya nsembe yayandikira, ndipo tsopano mphumi ikhoza kukhudzidwa. Ukaona kuti n'kofunika ndibwera ndi chipewa changa, ndidzaliike dzanjalo pamalo pake. Tawafunsa mochenjera. Za kuchipatala mwamva zotani? Sunandiuze.

Saffet

*

Kumudzi
29 Ogasiti 2017

Achimwene,

Moni. Mtedza tamaliza, aneba anatithandiza.

Ababa ndawafunsa. Akuti musavutike kubwera pa Idi ino. Akuti mubwere mu Disembala.

Za kuchipatala, anawapatsa mankhwala, akumwa. Sindilemba zambiri, manja atopa ndi ntchito. Muzindipempherera.

Nermin

*

Istanbul
15 Okutobala 2017

Nermin mlongo wanga,

Moni. Wakhala chete mwezi ndi theka, foni ukayankha mawu ako ndi "tili bwino" basi. Kapena nawenso watopa nane.

Kalata yako ija inandipweteka, ndisabise. "Asavutike kubwera." Ndinamva bwinobwino, sakufuna kundiona. Idi ndinadyera m'galimoto pa bwalo la ndege. Ndinalakwa ndine, sindingadandaule. Za Disembala sindikudziwa kuti akutanthauza chiyani, mwina akufuna ndikabwere anthu atatsekera m'nyumba ndi chisanu, pasakhale wondiona.

Koma tamvera. Lamera! Lachiwiri ndikusamba ndinamva kanthu kokanda pachala. Ndinaima pawindo ndi kalilole, ndipo tilipo, Nermin, tating'ono, tofewa ngati ta khanda, tambirimbiri. Ndinathamangira kwa mayi Sevim ngati mwana wakhoza mayeso. Anayang'ana ndi galasi lawo nati, "Palibe chachilendo apa, munda wagwira wonse. Ukulira chiyani, bambo wamkulu?"

Akuti pofika Disembala padzakhala poti sizasi igwire. Ndiye kaya andifuna kaya sandifuna, ndikubwera. Ndikalowa, ndikakhala pampando, andithamangitse okha ngati angathe. Usawauze. Miyezi iwiri yokha.

Saffet

*

Kumudzi
6 Novembala 2017

Achimwene Saffet,

Moni. Mwafika bwanji? Munachoka tsiku lachitatu la maliro a ababa osandiyang'ana kumaso. Sindikukuimbani mlandu. Pamanda munandifunsa funso limodzi, "Unadziwa liti?" ndipo sindinathe kuyankha pakati pa anthu. Ndiyankha pano.

Ndinadziwa pa 24 Ogasiti. Adokotala anati ndi khansa ya m'mapapo, yafalikira, tiwerenge miyezi. Tili m'basi pobwerera ndinatulutsa foni. Ababa anandigwira dzanja.

"Ukuimbira ndani?"

"Mwana wanu."

"Bweza m'thumba. Munda wake sunamere."

Iwo anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. "Iwe, zaka makumi asanu ndikuyang'ana nkhongo za anthu. Tsiku la Idi lija, inde, anandilasa mtima. Koma atatembenuka kuti azituluka ndinaona m'munsi mwa chipewa. Ametedwa ndi makina mpaka pakhungu, timadontho tofiira ngati wagwera pa singano. Ndinadziwa asanafike pachitseko. Ndipo iwenso ukudziwa, nkhope yako siisunga kanthu."

Mkamwini wa aphunzitsi uja nayenso anawokeretsa. Ndi zimene ankanong'onezana: limagwa liti, limamera liti, sizasi ingalowe liti. Anamuuza kuti miyezi isanu ndi umodzi. Ababa anawerenga pa zala, n'kupeza Disembala.

Ndinawachonderera, achimwene. Ndinati bwanji ngati simufika? Anati, "Ndifika. Ndinamuchititsa manyazi kamodzi pamaso pa anthu. Akabwera pano mutu uli ngati nkhuku yososola, amuseka kachiwiri, ndipo chikhala chifukwa cha ine. Mwanayo akundikonzera mphatso. Ukamuuza kuti ndikufa, abwera nayo yosapsa. Ukamuuza kuti ndaona, wamulanda." Titafika kunyumba anatenga buledi pa tebulo n'kundiika m'manja.

Ndinakhala ndi malumbiro awiri, lanu ndi lawo, m'nyumba imodzi. Mukaimba ndinkathawira kumunda kuti musamve mmene akupumira. Bwenzi nditaswa limodzi. Ndinkati mawa, mawa, iwo n'kumati akupezako bwino, ndipo masiku ena ankaonekadi choncho. Ndidzafa nalo limeneli.

Kalata yanu yomaliza ndinawawerengera, yonse, ndi mawu odandaula omwe. Pa "sakufuna kundiona" anatseka maso nthawi yaitali. Pa "lamera" anandiuza kuti ndibwereze. Anafunsa kuti, "Lakuda, kapena lofiirira ngati la amalume ake?" Ndinati simunalembe. Anati, "Chitsiru, chinthu chofunika osalemba." Tsiku limenelo anadya mbale yonse ya supu.

Lachisanu m'mawa, atamwa tiyi, anandiitana. Anati, "Nthabwala ija inali yopusa. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndimati ndimuuze ali pampando, atandipatsa nkhongo, poti kumaso sindingathe." Ndinati ndiimbe pompano mumuuze nokha. Anati, "Masana, ndikapuma." Masana sanafike.

Mutatsikira m'manda kukawagoneka, chipewa chanu chinagwa. Ndinali patali ndi azimayi, koma a Zekeriya akuti amuna onse anaona, ndipo palibe amene anaseka. Ndi lakuda, eti? Ndinapita dzulo kumanda kukawauza ababa.

Mundilembere, ngakhale kunditukwana.

Mlongo wanu,
Nermin

*

Istanbul
9 Epulo 2018

Nermin mlongo wanga,

Moni. Miyezi isanu osakuyankha. Sikuti ndinakukwiyira. Ndinayesa kukukwiyira, zinakanika, chifukwa buledi woyamba ndinakupatsa ndine. Ndinkangosowa poyambira. Kalata yako ndimayenda nayo m'thumba la jekete, yayamba kung'ambika mopindamo.

Masiku anayi, Nermin. Timizu tingati tikanazuka ndi dzanja la nkhalamba yodwala? Khumi? Makumi awiri? Ndinafunsa mayi Sevim. Anati, "Pita kunyumba, Saffet, lero usagwire ntchito."

Ndibwera pokolola, ndidzakhale mpaka timalize. Babashopu usabwereketse munthu, ndidzaone kaye.

Tsitsi lamera lonse. Ndi lakuda, lolimba, lopota pang'ono kutsogolo ngati lawo. Adokotala akufuna kundijambula kuti azionetsa alendo. Amene ndimawatenga ku bwalo la ndege amandigwira paphewa n'kumati, "Langa lidzakhala ngati lakoli?" Ndimati inde, mukadekha.

Lafika m'makutu tsopano, kumbuyo likukhudza kolala. Abwana andiuza kawiri kuti dalaivala wa chipatala asamaoneke ngati woimba, ndikamete. Mumsewu wathu muli mababashopu atatu. Loweruka ndinalowa mwa mmodzi, ndinakhala pampando, mwini wake anandikulunga nsalu pakhosi n'kufunsa kuti, "Tichepetse bwanji, achimwene?" Ndinavula nsaluyo, ndinapepesa, ndinatuluka.

Sindikudziwa kuti ndikamete kwa ndani.

Mchimwene wako,
Saffet